Vidiyo ya pamsika, dekoda, TV kapena foni: n'chiti chimasiya sayansi m'mutu mwa mwana?

Lolemba lina m'mawa, ndisanalembe n'komwe deti pa bolodi, mnyamata wa kalasi 9 anakweza dzanja. "Aphunzitsi, kodi n'zoona kuti mbatatesi zingamere pa Mars?" Anzake anaseka, koma iye nkhope inali gwa. Loweruka anali ataonera The Martian m'kanyumba ka vidiyo pamsika, filimu ya mu 2015 ya munthu amene anzake anamusiya yekha pa Mars, iye n'kupulumuka chifukwa cholima mbatatesi. Mnyamatayu kwawo ndi ku Tsangano, ndipo khasu analigwira asanadziwe kulemba dzina lake. Zombo zouluka sizinamusautse. Chinamusautsa ndi ulimi. "Kudula mbewu kuja n'kusiya maso anachita bwino," iye anatero. "Koma manyowa aja anali osawola. Kwathu tikathira otero mbewu imapsa."

Phunziro limene ndinakonza tsikulo linagona m'chikwama. Tinakambirana za dothi la pa Mars, limene lili ndi mchere wina woopsa wotchedwa perchlorate umene filimuyo sinautchule. Tinakambirana za mpweya wa kumeneko, wopyapyala kwambiri moti mphamvu yake sifika pa gawo limodzi mwa magawo 100 a mpweya wathu, kotero chimphepo chogwetsa zitsulo chimene filimu imayambira sichingachitike. Andy Weir, amene analemba nkhaniyo, anavomera yekha kuti pamenepo anakokomeza. Belu litalira ana sanafune kutuluka.

Makolo ndi aphunzitsi anzanga kuno ku Angonia, m'chigawo cha Tete ku Mozambique, amandifunsa kawirikawiri: tigule dekoda? Timulole mwana azipita ku vidiyo? Timugulire ma megas a intaneti pa foni? Ndalama ndi zochepa, magetsi sali paliponse, choncho funsolo ndi lolemera. Muyezo wanga ndi umodzi. Kukacha, kodi woonera uja wabwera ndi funso, kapena watenga chinthu m'manja kuti ayese yekha? Ngati wangoti "inali yokoma" basi, ndiye kuti wasangalala, ndipo kusangalala si tchimo, koma sayansi sinalowe.

Tiyambe ndi kanyumba ka vidiyo, poti ndi kumene ana ambiri amaonera kanema koyamba. Khomo ndi ndalama zachitsulo zochepa, mabenchi ndi a mapulanga, jenereta ikulira kuseri. Mphamvu yake yaikulu ndi chilankhulo. Mafilimu ambiri amafika pa memore khadi kuchokera tsidya la Dedza ndi Ntcheu, anyamata aja otchedwa ma DJ atawaika kale mawu a Chichewa. Mwana amene Chipwitikizi chimamuvuta m'kalasi amatsatira nkhani yonse osaphonya. Palibe njira ina imene imakoka mtima wa mwana msanga chonchi.

Vuto lake lilinso pomwepo. DJ ntchito yake ndi kuseketsa, ndiye wasayansi wa mufilimu akayamba kufotokoza chifukwa chimene chinthu chikuchitikira, mumangomva kuti "apa mkuluyu akulankhula za kusukulu, tiyeni tidikire nkhondo." Mbali imene ine ndikanafuna ana amve ndi imene imatayidwa. Komanso filimu siimuuza mwana kuti apa ndi zoona, apa ndi zopeka. Ndakumana ndi ana ambiri okhulupirira kuti zinyama za mu Jurassic Park, filimu ya mu 1993, zilipo pa chilumba china. Nkhaniyo imati anatenga magazi a dinosaur m'mimba mwa udzudzu wouma mu utomoni n'kupanga nawo zinyamazo, koma DNA, imene imasunga malangizo a kapangidwe ka chamoyo, imaonongeka kalekale zisanakwane zaka 66 miliyoni zimene zapita chifereni ma dinosaur. Chimandipweteka n'chakuti ana omwewa sadziwa kuti zakale zenizeni zili pakhomo pawo. Ku Mágoè kuli mitengo yosanduka miyala ya zaka zoposa 250 miliyoni, yakale kuposa ma dinosaur onse. Malasha a ku Moatize ndi nkhalango za nthawi yomweyo zimene zinakwiririka pansi. Ku Karonga anafukula mafupa a Malawisaurus. Zimenezi palibe DJ amene adzazitchule.

Pali choopsa china. Mu 2022, poliyo atapezeka ku Lilongwe kenako mwa mwana wa ku Changara m'chigawo chathu chino, azaumoyo anayenda khomo ndi khomo kudontheza katemera. Ndinamva ndi makutu anga mnyamata wina akuuza azakhali ake kuti abise ana, ati anaona mufilimu mankhwala otere akusandutsa anthu zilombo zoluma anzawo. Sanali woipa mtima, ankafuna kuteteza abale ake. Anangosowa munthu womuuza kuti zimene anaonazo anazipeka anthu ofuna kugulitsa matikiti. Ndiye vidiyo ya pamsika ndimaiona ngati moto wa m'munda: imayatsa chidwi msanga, koma pafunika wamkulu woyang'anira kumene ukulowera. Kumuletsa mwana sikuthandiza kwenikweni. Mufunseni madzulo kuti waona chiyani, ndipo akuganiza kuti ndi ziti zingachitikedi. Kumbukiraninso kuti zoonetsa usiku m'tinyumba tina si za ana.

Pa mafilimu onse a nkhani, imodzi ndimaiika payokha. The Boy Who Harnessed the Wind, ya mu 2019, imene anaitsogolera ndi Chiwetel Ejiofor, ikunena za William Kamkwamba wa ku Wimbe m'boma la Kasungu. Iye analeka sukulu chifukwa chosowa fizi pa njala ya 2001 ndi 2002, nawerenga buku la mulaibulale, n'kumanga makina a mphepo ndi fulemu ya njinga, dayinamo, mapaipi a pulasitiki ndi mitengo ya bulugamu. Mbali yaikulu ya filimuyo ndi ya m'Chichewa. Ndinaionetsa pa laputopu ndi sipika yobwereka, ana oposa 50 atapanikizana. Poyamba anaseka katchulidwe ka Chichewa ka osewera ena akunja. Itafika pa njala, pamene banja likudya kamodzi patsiku, m'kalasi munali zii, chifukwa nkhani zimenezo anazimva kwa amayi awo. Sabata yotsatira anyamata atatu anabwera ndi dayinamo yochotsa ku njinga ya malume awo, mapiko atasema kuchokera ku chigubu.

Koma nayonso ndimaikonza pamaso pa ana. Mufilimu makinawo amapopa madzi n'kupulumutsa munda. M'moyo weniweni makina oyamba a Kamkwamba anayatsa mababu ndi wailesi m'nyumba mwawo, ndipo zopopa madzi zinabwera patsogolo atapeza thandizo. Dayinamo wamba ya njinga imatulutsa mawati pafupifupi 3, okwanira kababu kakang'ono, osati pampu yothirira dimba. Ndikapanda kunena zimenezi, ana aja akanayesa, n'kulephera, n'kudziona ngati mbuli. Nditawauza, anasintha cholinga: kuyatsa kababu kamodzi. Kanayaka, mophethiraphethira, mphepo ya Julaye ikuwomba kuchokera kuphiri la Domwe, ndipo anafuula ngati timu yawo yagoletsa.

Njira yachiwiri ndi dekoda, kaya DStv, GOtv, ZAP kapena StarTimes, kumene kumapezeka makanema a zachilengedwe. Apa ndiye pali sayansi yosefedwa bwino. David Attenborough wakhala akupanga makanema otere ku BBC kwa zaka zambiri, monga Life on Earth ya mu 1979 ndi Planet Earth ya mu 2006. Carl Sagan anafotokoza za nyenyezi mu Cosmos mu 1980. Anthu amenewa ankagwira ntchito ndi akatswiri, ndipo kamera imakuonetsa zimene diso silingaone: duwa likutseguka m'masekondi ochepa, chiswe chikumanga chulu mkati mwake. Pa kudabwitsa mwana ndi zinthu zoona, palibe chowaposa.

Mtengo wake ndiwo wovuta. Mwezi ndi mwezi kulipira, kuwonjezera magetsi olipiriratu a Credelec, kapena sola yamphamvu ngati muli kumene mawaya sanafike. Ndipo midzi yambiri sanafike, ngakhale damu la Cahora Bassa ku Songo lili ndi makina 5 otulutsa mamegawati 2,075, ambiri mwa iwo n'kumapita ku South Africa pa mawaya otalika makilomita pafupifupi 1,400. Chilankhulo nachonso ndi Chipwitikizi kapena Chingerezi, cholankhulidwa mwachangu. Agogo amangoona zithunzi, ndipo mwana wa pulayimale amatola mawu apo ndi apo. Tinenenso zoona: m'nyumba zambiri dekoda imagulidwira mpira ndi manovela, ndipo rimoti ili m'manja mwa abambo.

Pali china chimene ndimadandaula nacho pa makanema amenewa. Africa wawo nthawi zambiri alibe anthu. Njovu imayenda mwaulemu dzuwa likulowa, koma si njovu imene mlimi wa ku Mágoè kapena ku Zumbo amaidziwa, yomaliza munda wa chimanga usiku umodzi. Ng'ona imaoneka yochititsa chidwi, koma mayi wotunga madzi mu Zambezi ali ndi funso lina lokhudza ng'ona. Mwana akamaonera zotere zokhazokha amayamba kuganiza kuti sayansi ndi ya azungu ovala zipewa, ndipo ife ndife malo ongojambulirako. N'chifukwa chake ndikapeza kanema wa ku Gorongosa, ku Sofala, ndimamugwiritsa. Kumeneko mumaona Amozambiki eniake, monga Dominique Gonçalves wofufuza za njovu, akugwira ntchitoyo. Ndipo nkhani ya njovu za kumeneko imaphunzitsa kusintha kwa zamoyo kuposa buku lililonse limene ndili nalo. Pa nkhondo ya 1977 mpaka 1992 njovu pafupifupi 9 mwa 10 zilizonse zinatha, zambiri zikuphedwera minyanga. Nkhondo isanayambe, njovu zazikazi zopanda minyanga zinali zosakwana 1 mwa 5 zilizonse. Itatha zinali pafupifupi theka, chifukwa zopanda minyanga ndizo zinkasiyidwa, ndipo ana awo aakazi ambiri anatengera. Ofufuza anasindikiza zimenezi mu 2021. Ana athu nkhondo imeneyo amaidziwa, agogo awo anathawira ku Malawi chifukwa cha iyo. Akamva kuti inasintha ngakhale matupi a njovu, safunanso kuwafotokozera kawiri.

Za ma TV a m'dziko sindichedwapo. TVM inayamba mu 1981 ku Maputo, ndipo lero kuli STV, Miramar ndi zina, pamene ife a m'malire timaoneranso za ku Malawi. Ubwino wawo ndi nkhani za lero: kulosera kwa nyengo, chenjezo la kolera, masiku a katemera. Mu 2020 sukulu zitatsekedwa chifukwa cha COVID-19, maphunziro a pa TV otchedwa Telescola anathandiza ana amene anali ndi TV ndi magetsi. Namondwe Ana atagwetsa mlatho wa pa Revúbuè pakati pa Tete ndi Moatize mu Januwale 2022, tonse tinaona zithunzi. Koma TV imanena kamodzi n'kupitirira, simungaiimitse kapena kuibweza. Imakuuzani kuti chachitika, koma nthawi yofotokoza chifukwa chake imakhala yochepa, monga kuti namondwe amatenga mphamvu ku madzi ofunda a m'nyanja, kapena kuti phiri lometedwa mitengo limatsitsa madzi onse nthawi imodzi. Pa chenjezo lofika kumudzi m'chilankhulo chathu, wailesi imaiposa TV kutali.

Tsopano njira imene ine ndimaiika patsogolo, ngakhale ilibe ulemerero: timakanema tifupitifupi ta ulimi ndi zaumoyo tolankhula Chichewa. Bungwe la Access Agriculture lili nato tambiri, tojambula alimi enieni akuonetsa alimi anzawo. Bungwe lina, la SAWBO, limapanga ta zithunzi zojambula pa kompyuta, timene amatiika mawu a zilankhulo zosiyanasiyana. Timatenga malo ochepa pa foni, ndipo mukakopera kamodzi simulipiranso.

Ndinapita ndi kena ka ntchemberezandonda ku gulu la amayi a kudimba, mbozi imene inafika mu Africa mu 2016 n'kutipeza ife chaka chotsatira. Foni tinaitsamiritsa pa mtondo, anthu khumi ndi awiri atazungulira. Kanema atafika poonetsa mazira a gulugufe wake pa tsamba, agogo ena anati, "Taimitsani kaye, mwanangu. Bwezani." Ndinabweza. Anayang'anitsitsa, n'kunyamuka osalankhula, n'kubwera ndi tsamba la chimanga lokhala ndi kachigamba kotuwa ngati thonje. "Ndi izi? Ine ndimayesa ndi nkhungu." Anaphwanya ndi chala. Kenako mkangano unabuka: wina amathira phulusa pa nsonga ya chimanga, wina dothi, wina msuzi wa usipa wokopa nyerere kuti zidye mbozi. Tinagwirizana kuti aliyense ayese njira yake pa mizere yake, mzere umodzi ausiye osathira kanthu, kuti pakhale poyerekezera. Amayi amenewa ambiri sanapitirire kalasi 4, koma zimene anachita tsikulo ndi sayansi yeniyeni, yoposa kuloweza matanthauzo.

Chimodzimodzi ndi kusunga nyemba. Kanema amaonetsa kuti nyemba zouma bwino zikatsekeredwa m'chigubu chodzaza mpaka kukamwa, mpweya osalowa, anankafumbwe amafa okha chifukwa chosowa mpweya, popanda mankhwala. Njira imeneyi anaiyesa ndi alimi a ku Gurúè, ku Zambézia. Mwana aliyense angathe kuiyesa ndi mabotolo awiri, lina lotseka ndithu, lina loboola pachivindikiro, n'kudzatsegula pakatha miyezi iwiri. Palinso ta chuku wa mtedza, tofotokoza chifukwa chake kuwaza madzi pa mtedza kuti usendeke msanga n'koopsa: chinyezi chimameretsa nkhungu yotulutsa poizoni wa aflatoxin, amene amaononga chiwindi.

Zofooka zake zilipo. Timakanema timeneti timayankha funso la m'munda, sitimukweza mwana maso kumwamba. Palibe amene adzalote zokhala katswiri wa nyenyezi chifukwa cha kanema wa manyowa. Tina tinajambulidwa kumayiko a nyengo yosiyana ndi yathu, ndipo ngakhale m'chigawo chathu chomwe, malangizo oyenera kuzizira kwa Tsangano sangagwire chimodzimodzi pa kutentha kwa mumzinda wa Tete. Pamafunika mlangizi kapena mlimi wodziwa woti anene kuti apa kwathu tisinthe. Koma ndi njira yokhayo imene ili ndi zinthu zitatu pamodzi: chilankhulo chathu, batani loimitsa, ndi chinthu choti ukayese mawa lomwe.

Maganizo opititsa kanema kwa anthu si achilendo m'dziko lino. Titalandira ufulu mu 1975, boma linakhazikitsa Instituto Nacional de Cinema, imene inkapanga kanema wa nkhani wotchedwa Kuxa Kanema, ndipo magalimoto ankayenda nazo m'midzi kukaonetsa pa nsalu yoyera. Zambiri zinali za ndale, koma njira yake inali yanzeru: mudzi wonse kuonera pamodzi, kenako kukambirana. Lero pulojekita yaing'ono ndi batire la sola zimakwana m'chikwama chimodzi. Sukulu, mpingo kapena gulu la alimi likasonkha ndalama, ine ndingalangize zimenezi m'malo mwa dekoda, chifukwa mumagula kamodzi ndipo mumasankha nokha choonetsa.

Yotsala ndi foni ya intaneti, YouTube, Facebook, TikTok ndi zotumizirana pa WhatsApp. Muli zabwino kwambiri ndi zoipa kwambiri m'thumba limodzi. Mtsikana wina wa m'kalasi mwanga anamvetsa kayendedwe ka magazi mumtima ataonera kanema wa mphindi zitatu, ine nditalephera ndi choko sabata yathunthu. Koma mnyamata wina anaphwasula sipika ziwiri za kunyumba kwawo kuti achotse maginito, ataona kanema wa "magetsi aulere" woonetsa babu likuyaka kosatha ndi maginito ndi waya basi. Anakulunga waya masiku atatu, babu osayaka, abambo ake n'kumukalipira. Anabwera kwa ine misozi ili m'maso, akuganiza kuti walakwitsa penapake. Sanalakwitse. Opanga makanema amenewo amabisa batire, chifukwa anthu akamaonera ambiri iwo amapeza ndalama. Mphamvu sichokera pachabe: dayinamo imafuna mwendo wopalasa, makina a ku Songo amafuna madzi akugwa. Tinatenga maginito ake omwewo n'kuwayendetsa mwachangu pafupi ndi waya wokulunga uja, singano ya mita yoyezera magetsi inagwedezeka, ndipo atasiya kuyendetsa inabwerera pa ziro. Anabwereza kakhumi.

Choncho kwa amene mukugulira mwana ma megas, musamusiye yekha ndi TikTok n'kumati akuphunzira. Muphunzitseni kufunsa kuti wapanga kanemayu ndani, akugulitsa chiyani, ndipo kamera inadumpha pati. Kanema aliyense wolonjeza mankhwala amodzi ochiza shuga, khansa ndi Edzi nthawi imodzi ndi wabodza, ndipo musamutumize kwa wina. Zabwinozo koperani pamene ma megas ali otchipa, musunge pa memore khadi, muzigawana pa Bluetooth.

Mukandifunsa kuti ndisankhe, ndinena motere. Banja la kumudzi lokhala ndi foni imodzi ndi kasola kakang'ono liyambe ndi memore khadi ya timakanema ta Chichewa, liwonjezere filimu ya Kamkwamba. A m'tauni ya Ulongwe kapena Moatize amene muli kale ndi dekoda, patulani madzulo amodzi pa sabata a kanema wa zachilengedwe, mukhale pansi ndi ana, muziwamasulira. Mphunzitsi asaonetse filimu yathunthu n'kukhala kumbuyo akuchonga mayeso. Mphindi khumi zokha, kuimitsa, kufunsa kuti "mukuganiza kuti chichitike n'chiyani?", kenako kupitiriza, zimaposa maola awiri a chete.

Mnyamata wa mbatatesi uja sanakhutire ndi yankho langa la za manyowa. Anapempha ndowa ziwiri zobooka kwa amayi ake, ina anathira dothi losakaniza ndi ndowe zaziwisi za ng'ombe, ina dothi lomwelo ndi manyowa owola a m'khola, n'kubzala mbewu zofanana kukula tsiku limodzi. Ndowazo zili kuseri kwa kalasi yathu, ndipo Lachisanu lililonse amayeza msinkhu ndi rula n'kulemba kumapeto kwa kope lake la masamu. Sabata yatha anabwera ndi ndowa yachitatu, yodzaza mchenga wa kumtsinje wotsukidwa bwino. Akuti pa Mars palibe chinawolerapo chiyambire, ndiye akufuna aone ngati mbatatesi ingabereke m'dothi lopanda chamoyo chilichonse. Wandipempha kuti ndimusungire kiyi wa kumpopi pa tchuthi, kuti azibwera kudzathirira.